Mayi Ngolo Pakhomo pa Holoselo

Ku holoselo ya kumapeto kwa msewu wathu kulibe chikwangwani chonena kuti kupikula kumayambira pati. Chinalipo kale, cha penti wofiira, koma mwini wake anachizula yekha atatopa ndi mikangano. Poyamba chinkati wogula dazeni wapikula. Ndiye munthu ankabwera kudzatenga dazeni ya singano, n'kuziponya m'thumba la malaya, n'kumafuna mtengo wofanana ndi wa munthu amene wabwera ndi lole. Madala a holoselo, monga tonse timawatchulira, anafufuta n'kulemba kuti katoni. Anthu anayamba kufunsa kuti katoni yake iti, poti ya mabatire ndi yaing'ono ngati njerwa pomwe ya matewera n'chinyumba chodzaza mphepo. Analemba makilo, ogula matishu n'kudandaula kuti iwo adzadzaza nyumba mpaka kudenga asanakwanitse. Tsiku lina chikwangwani chija chinapezeka kuseri, nkhuku zikugonapo, ndipo kuyambira pamenepo lamulo lili pakamwa pa Madala: katundu wopikula ndi amene wagonjetsa mwini wake.

Zimayenda chonchi. Umasankha zinthu zako, amaziunjika pakauntala, bambo wa wilibala amazimanga ndi chingwe n'kukutwika pamutu, zotsala amakupatsira m'manja. Kuchoka pakauntala kukafika pakhomo pali kamtunda ndithu, pakuti holoseloyo ndi yaitali ngati khola la nkhuku za mazira, mbali zonse matumba kufika kumalata. Ukayenda naye wekha mpaka kutuluka panja, ndiye kuti katunduyo ndi wochepa. Umatula pakhonde n'kulipira pazenera mtengo wa pashelefu, ngati munthu amene wangodzagula za kunyumba. Koma akakugonjetsa uli m'kati, ukatula usanadutse khomo, katundu amakwera wilibala ndipo iwe umalipira mtengo wopikulira. Khomo lake ndi limodzi. Lili ndi zitseko ziwiri zachitsulo, koma chimodzi Madala anachiwotcherera chifukwa cha akuba, chotsalacho n'chongokwana wilibala. Mpando wawo uli pomwepo, pambali pa khomo, ndipo maso awo sayang'ana nkhope ya munthu, amayang'ana pakhosi.

Mwaona kale zimene zimachitika. Bambo amene kunyumba kwake amatsitsa yekha matumba a simenti, akangolowa mu holoselo msana umamuyamba. Pali mayi wina wa hokala ya pakona, woonda ngati ndodo ya tsache, amene luso lake la kugwa anthu amasiya ntchito kudzaonera. Amayamba ndi kunjenjemera mawondo, kenako amadzandira cha kumanzere, n'kutchula mayi ake amene anamwalira kalekale, ndipo amagwa mofatsa, atasankha kale thumba la mpunga loti agwerepo. Madala si chitsiru. Amadziwa kuti mitsempha ya pakhosi ikapanda kudzuka ndiye kuti ndi sewero, ndipo wa sewero lozizira amamuuza kuti adzuke ayesenso. Koma ine ndawaonetsetsa kwa nthawi yaitali, ndipo ndikukuuzani: mtengo wotsikawo sapereka chifukwa cha kuchuluka kwa katundu ayi. Iwo amangofuna kuona munthu atagwada kutsogolo kwa mpando wawo. Ukagwada bwino, ngakhale ndi makandulo, wapikula.

Tsono alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, ndi munthu amene sanagwadirepo katundu chibadwire. Anthu amawatchula kuti Mayi Ngolo, ndipo dzinalo sadana nalo. Anawapatsa ndi madalaivala a malole, iwo n'kulivala ngati mendulo. Ndi mayi wa dzitho, wamtali, khosi ngati thunthu la mtengo, mapazi oti nsapato amachita kugula za amuna. Ali mtsikana ankasenza njerwa kwa omanga nyumba, ndipo amisiri ankawachonderera kuti azichedwako, chifukwa njerwa zinkaunjikana iwo asanakande n'komwe matope. Atachoka uko anakakhala zaka zambiri pa depoti, kutsitsa matumba m'malole n'kukasiya kumene eni ake akufuna. Pa depoti aliyense ankadziwa chinthu chimodzi: katundu akakwera pamutu pa Ngolo, amatsikira pamene mwini wake wanena, osati panjira. Kaya mvula, kaya matope, kaya galu wolusa, iwo sankatula. Anzawo ankapumira pansi pa mtengo, iwo ankadutsa n'kuwapatsa moni.

Achimwene anga ndi kamunthu kochepa, kokonza mawailesi ndi mafoni pakhonde la telala, koyankhula ngati kakupepesa. Mmene anapezanirana banja lonse limadziwa, ngakhale iwo amakana. Malungo anawagwetsa pa depoti akudikira basi, alamu n'kuwanyamula ngati thumba la makala mpaka kuchipatala. Atachira anapita kukathokoza, ndipo mpaka lero akuthokozabe. Ana onse anatengera mayi awo, moti achimwene akakhala pakati pawo amaoneka ngati mlendo wodzapempha madzi akumwa.

Ntchito ya pa depoti inatha pamene kunabwera tinjinga tamoto ta matayala atatu, tonyamula katundu mpaka pakhomo pa munthu. Alamu sanalire. Anatenga zonse zimene anasunga pa zaka zimenezo, n'kugula malata ndi matabwa, n'kumanga okha hokala kutsogolo kwa nyumba, ya mashelefu ochepa ndi kazenera ka waya. Mpamba umene unatsala unali wongokwana kudzaza mashelefuwo kamodzi. Kuti hokala ikhale ndi moyo, mwini wake amayenera kuoda pamtengo wopikulira n'kumagulitsa pang'onopang'ono. Phindu limakhala pakati pa mitengo iwiriyo, kwina kulikonse kulibe. Holoselo ina ilipo, koma ili kutali, ndalama ya basi yokha ingadye phindu lonse n'kunyambita mbale.

Tsiku loyamba ndinawaperekeza, osati kuti ndiwathandize, koma chifukwa ndinkadziwa kuti kukhala zoonera. Panjira ndinawafotokozera lamulo, iwo anangoti amva. Anasankha belo la shuga, katoni ya sopo, thumba la mchere, machesi, makandulo ndi zigubu ziwiri za mafuta ophikira. Wa wilibala anachita kuitana mnzake kuti awatwike. Alamu anagwedeza khosi kamodzi kuti katundu akhazikike, ananyamula chigubu dzanja ili, china dzanja ilo, n'kuuyamba. Pakati panjira anaima, ine mtima n'kukhala pansi kuti ayamba sewero. Ayi ndithu, ankafunsa mtengo wa mabisiketi. Anadutsa pakhomo n'kuwapatsa Madala moni waulemu, ngati munthu wopita kukacheza.

Madala anawauza pazenera kuti mtengo ndi wa pashelefu. Alamu anati katundu ameneyu ndi wochuluka kuposa wa anthu atatu amene wawo wangotuluka pa wilibala iwo akuona. Madala anavomera kuti n'zoona, koma atatuwo katundu wawo anawagonjetsa.

“Lowaninso, mayi,” anatero Madala mokoma mtima. “Mwina panopa mwatopa. Munthu akatopa amatula, si zamanyazi.”

“Ndikatopa ndidzakuuzani, bambo,” anayankha alamu, n'kulipira.

Kuyambira pamenepo hokala inayamba kudwala. Shuga wa alamu anali wokwera kuposa wa pakona, sopo chimodzimodzi, ndipo anthu a mumsewu wathu amakukonda mpaka tsiku limene wakweza mtengo. Ankabwera kudzacheza pazenera la alamu, kuyamikira kuti mashelefu ndi aukhondo, n'kukagula kwa mayi wakugwa uja. Alamu akatsitsa kuti afanane ndi pakona ankagulitsa ndithu, koma zinali ngati angotumidwa kukatenga katundu wa anthu kwaulere. Ulendo uliwonse wa ku holoselo ankabwera ndi zochepa kuposa ulendo wapita, ndipo zochepazo ankazinyamula mosavuta kwambiri, mwina n'kutsala ndi dzanja lopatsira anthu moni. Shelefu ya pamwamba inayamba kukhala ndi makatoni opanda kanthu, ongoikira kuti pazioneka podzaza.

Wina anganene kuti bwanji osagula wochuluka mpaka awagonjetse. Katundu woti agonjetse Ngolo ndi wa mahokala atatu, mpamba wake akanautenga kuti? Ndiye tinayesa kutuma achimwene. Iwo sanafunike sewero. Belo la shuga lokha linawakhalitsa pansi asanatembenuke n'komwe, ndipo mitsempha yawo ya pakhosi inadzuka yonse, mpaka ina imene sitinkadziwa kuti ali nayo. Madala anawayamikira kuti agwa moona mtima, kenako anawafunsa ngati masiku ano m'mawailesi akumathiramo shuga. Anati katundu amayesedwa ndi khosi la mwini hokala, osati la wotumidwa. Achimwene anabwera chimanjamanja atagwira m'chiuno, ndipo kwa masiku angapo mafoni a anthu ankawakonza chogona.

Apo ndinaona kuti ntchito yatsalira ine. Ndinawatengera alamu kuseri kwa nyumba, ndinawatwika beseni la zovala zonyowa, n'kuyamba kuwaphunzitsa kugwa. Ndinawauza kuti ayambe ndi mawondo, pakamwa patseguke pang'ono, maso ayang'ane kumwamba ngati akufunsa Mulungu chimene analakwa. Anayesa ndithu. Kubuula kwawo kunamveka ngati kwa ng'ombe yokhuta. Akudzandira choncho anaona ndowa ya madzi ili panjira, n'kuinyamula ndi dzanja limodzi kuti aisunthe, uku akubuulabe. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Iwo sanaseke. Anakatula beseni pamwala wochapira, pamene linkayenera kupita, n'kundiuza kuti vuto si luso.

“Alamu,” anatero, “sukulu ndilibe, nkhope mukuiona nokha. Changa m'dziko muno n'chakuti sindinatulepo katundu panjira. Ndikakatula kwa mdala uja anthu akuona, ndibwera kuno ndi shuga wotchipa, inde. Koma wobwera nayeyo adzakhala ndani?”

Ndinawayankha kuti adzakhala mayi wokhala ndi hokala, ndipo ana awo sangakhute mbiri ya pa depoti. Iwo anangoyamba kuyanika zovala.

Pofika mwezi wotsatira, theka la mashelefu linali la akangaude. Achimwene anayamba kunena chapansipansi kuti malata a hokala akhoza kukhala khola labwino la abakha. Tsiku lina m'mawa alamu anavala nsapato zawo za pa depoti, anapinda nkhata yaikulu, anatenga mpamba wonse umene unatsala, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze. Anasankha tsiku limene holoselo imadzaza, pamene a mahokala onse amathamangira kukaoda malole atangotsitsa katundu. Ine panjira ndinadziwitsa anthu angapo kuti lero Ngolo akugwa. Nkhani ngati imeneyo sungaisunge wekha, ingakutupitse mimba.

Anagula monga mwa masiku onse, osaiwala zigubu ziwiri za mafuta. Anawatwika. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa matumba, anthu akupatuka, mayi wa pakona atasuzumira kuseri kwa makatoni kuti aone ngati wabwera womulanda ulemu wake. Madala anakhala tsonga pampando, n'kupukuta magalasi. Alamu anafika pakhomo, anaponda phazi limodzi panja, lina n'kutsala m'kati, ndipo anaima.

Sanatule, ndipo sanatuluke. Anangoima pamenepo, katundu pamutu, chigubu uku chigubu uko, thupi lawo litadzaza khomo lonse moti ngakhale mphaka akanachita kupempha njira.

Madala anadikira pang'ono, kenako anafunsa ngati katundu wawagonjetsa. Alamu anati ayi. Anafunsa ngati akutuluka. Alamu anati akuganiza kaye.

“Lamulo lanu likuti ndikatuluka ndekha ndi mtengo wa pashelefu, ndikatula ndi wopikulira,” anatero. “Za munthu amene waima simunanenepo kanthu. Ndiye ndaima.”

Poyamba anthu anaseka, Madala nawo anaseka, n'kunena kuti aime, khosi ndi lawo. Koma kuseka kunatha msanga. M'kati munali anthu amene anagwa kale, katundu wawo ali pa wilibala, osatha kutuluka. Panja panali ena odzaoda, osatha kulowa, ndipo mzere wawo unafika pamsewu. Bambo wina anayesa kudzipanikiza pambali, anangobwerera ndi mafuta pa shati. Dalaivala wa lole amene ankawadziwa alamu kuchokera pa depoti anauza gulu kuti amene ali ndi ana oyamwa apite akayamwitse kaye, chifukwa mayi ameneyu satula. Mayi wa pakona, amene anatsekeredwa m'kati, anayamba kulalata kuti hokala yake waisiya yotseka ndipo makasitomala akumudikira. Alamu anamuuza mosatembenuka kuti agwe kaye, nthawi ipite.

Madala anatchula za apolisi. Alamu anati zingakhale bwino, chifukwa nawo apolisiwo angakonde kumva za mitengo yoyezera pakhosi. Madala sanawatchulenso apolisi. Anangoyang'ana pazenera, ndipo zimene ankaona n'zimene tonse tinkaona: a kumapeto kwa mzere atayamba kuchoka awiriawiri, kupita kokwerera basi, ku holoselo ya kutali ija.

Ine ndinali pakhonde, pafupi, ndiye ndinaona zimene ena sanaone. Kuyenda ndi katundu n'kwina, kuima naye n'kwina. Dzuwa litakwera, malata atayamba kuthetheka, thukuta linkatsika m'khosi mwa alamu ngati atsegula mpopi. Zala zawo pa zogwirira zigubu zinatuwa. Mkono wakumanzere unayamba kunjenjemera, osati kunjenjemera kwa maphunziro anga aja, kwenikweni. Ndinawanong'oneza kuti andipatse chigubu chimodzi, palibe angaone. Anandiyang'ana ndi diso limodzi, ine n'kusiya. Ndinangowapukuta kumaso ndi mpango wanga, popeza thukuta linkawalowa m'maso.

Madala nawo anaona mkonowo, ndipo anaganiza kuti nthawi yakwana. Anayankhula motsitsa mawu kuti alamu angotula basi, osagwada, osabuula, angoika pansi pomwepo, mtengo ukhala wopikulira ndipo nkhani ithere pamenepo. Anthu a m'kati anavomereza kuti pamenepo Madala anena zanzeru. Ngakhale ine ndinati mumtima, alamu landirani, mwawina kale.

“Ine situla, bambo,” anatero alamu. “Koma katundu ameneyu sindinalipire, akadali wanu. Ngati mukumufuna pa wilibala, mutsitseni nokha.”

Madala anayang'ana mzere panja, anayang'ana khosi la alamu, n'kuyang'ananso mzere. Kenako anakodola wa wilibala. Iye anakhuthula katundu wa munthu wina amene anali pa wilibala, mwini wake akudandaula, n'kubwera ndi mnzake kumbuyo kwa alamu kudzatsitsa wa pamutu. Koma amuna awiriwo manja anawathera pa mtolowo, zigubu zinalibe wozilandira. Madala anadzuka pampando, chinthu chimene sindinachionepo, n'kugwira chigubu chimodzi. Alamu atangotsegula zala, chigubucho chinawakokera Madala pansi, n'kufika pasimenti ndi kamawu kamene kanawatuluka kosaitanidwa. Wina kumbuyo anati Madala apikula. Holoselo yonse inaphulika, mpaka wa wilibala anachita kubisa nkhope kuseri kwa belo la shuga.

Alamu anatuluka manja ali lende, wilibala ikuwatsatira pambuyo. Pazenera Madala anakonza magalasi, n'kulengeza mokweza kuti aliyense amve, kuti katundu ameneyu watuluka pa wilibala, choncho mtengo wake ndi wopikulira, monga lamulo linenera. Alamu anathokoza mwaulemu, ngati munthu amene wangopatsidwa njira.

Kuchokera tsiku limenelo, Ngolo akamachoka pakauntala wilibala imakhala ikuwatsatira kale. Akafika pakhomo amaima kanthawi kongokwana kupereka moni, amuna awiri aja n'kuwatsitsa, ndipo palibe amayankhulapo. Mashelefu anadzaza, makatoni opanda kanthu anapita kukayatsira moto, ndipo shuga wa alamu ali pamtengo umodzi ndi wa pakona. Anthu amene ankangobwera kudzacheza tsopano amagula, n'kumanena kuti iwo ankadziwa kale kuti hokala imeneyi ipita patali. Ena anayesa kutengera. Telala anaima pakhomo ndi mabelo a nsalu, anthu n'kumangomudutsa m'mbali akumupepesa. Mayi wina wonenepa anatsekadi khomo, koma asanamalize kufotokoza chifukwa chimene waimira, katundu anali atamukhalitsa kale pansi, ndipo anapatsidwa mtengo umene akanapatsidwa popanda vuto lonselo.

Chimene a mumsewu sadziwa n'chakuti alamu atafika kunyumba tsiku lija, manja anakana kukwera. Analowa m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi phazi. Kwa masiku angapo anthu ankauzidwa kuti apita kukaona odwala, pomwe anali chigonere, khosi litauma ngati thabwa. Achimwene ndi amene ankawathowa ndi madzi otentha, kuwamwetsa tiyi ndi supuni, kenako n'kuthamangira kuhokala kukayeza shuga m'timapepala, akulakwitsa, alamu akuwakalipira motsitsa mawu kudzera pazenera la kuchipinda kuti asamadzaze kwambiri. Sindinawaonepo achimwene akuyenda monyada ngati sabata imeneyo. Alamu anandilumbiritsa kuti zimenezi ndisauze munthu, ndipo sindinauze munthu aliyense. Ndangolemba.